CV yokongola pa foni, nanga ikafika pa fotokope?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mtsikana wina amene akumaliza dipuloma ya za bizinesi pa koleji ina konkuno ku Mangochi. Dzina lake sinditchula, koma wandilola kuti ndimuyankhe poyera chifukwa funso lakeli ambiri muli nalo. Akufunsira ntchito ziwiri: ya pa risepishoni pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja, ndi ya ukalaliki ku bungwe lina lomwe si la boma. Ali ndi ma CV awiri ndipo onse wanditumizira. Yoyamba anamupangira mnzake pa Canva, pulogalamu ya pa intaneti yokongoletsera zolemba ndi zithunzi. Ndi ya tsamba limodzi, kumanzere kuli chigamba cha buluu chotsika mpaka pansi, zilembo zoyera pamwamba pa buluuyo, chithunzi chake pakona, ndi timizere tosonyeza kuti Excel amaidziwa pa mlingo wotani. Yachiwiri anamulangiza ndi amalume ake omwe anagwira ntchito m'boma zaka zambiri. Ndi ya masamba anayi, mutu wake CURRICULUM VITAE m'zilembo zikuluzikulu, kenako mudzi, mfumu yaikulu, chipembedzo, ndi sukulu zonse kuyambira ku pulaimale. Funso lake ndi ili: "Nditsatire iti? Font yabwino ndi iti? Poti ntchito yeniyeni sindinagwirepo, ndikachotsa zokongoletsazo pepala langa likuoneka lopanda kanthu."

Achemwali, zikomo pondikhulupirira. Musatsatire iliyonse mwa ziwirizi mmene zililimu. Amalume akunena zoona kuti pepala lofunsira ntchito liyenera kukhala lofatsa, ndipo mnzanuyo akunenanso zoona kuti liyenera kukhala lalifupi. Koma ma CV awiri onsewa anakonzedwa poganizira inuyo, mmene mukuonekera. Palibe imene inakonzedwa poganizira munthu amene adzaiwerenge, ali wotopa, ali ndi mulu wa makalata patebulo, fani ikuzungulira kapena magetsi atathima.

Tiyeni tiitsatire CV ya buluuyo pa ulendo wake. Pa foni yanu ikuwala bwino, sindikukana. Koma kuti ifike ku lojiko mupita nayo ku shopu ya zosindikiza pa Boma, ndipo poti kupulinta kwa mitundu n'kokwera mtengo, mwina mupulinta ya zakuda ndi zoyera. Tinene kuti mwalimba mtima mwalipira ya mitundu. Tsiku la intavyu mumakhala anthu atatu kapena anayi okufunsani, aliyense afuna pepala lake, ndiye wa mu ofesi apita nayo pa makina a fotokope. Apa m'pamene chigamba cha buluu chija chimasanduka chikanga chakuda, kapena chotuwa cha mawangamawanga ngati inki ili pafupi kutha. Zilembo zoyera zopyapyala zija inki imazilowerera m'mbali mpaka zimatsekeka. Tsono taonani zimene mnzanu anaika m'chigambamo: nambala yanu ya foni, imelo yanu, ndi zilankhulo zimene mumayankhula. Zinthu zimene munthu akufunika kuti akuitaneni n'zimene zili pa malo oyamba kufufutika. Ine ndataipira anthu makalata nthawi yaitali ndipo nthawi zina ndimapemphedwa kuthandiza kusankha makalata a ofunsira ntchito. Ndinaonapo CV yabwino ndithu itaikidwa pambali chifukwa palibe amene akanatha kusiyanitsa 3 ndi 8 pa nambala ya foni, ndipo panali ena ambiri odikira. Zimandipweteka chifukwa mwini wakeyo sanadziwe n'komwe chimene chinamulepheretsa.

Ku bungweko ulendo wake ndi wina. Kumeneko mutumiza pa imelo, kapenanso adzakuuzani kuti muikweze pa tsamba lawo la intaneti. Mabungwe akuluakulu ena ali ndi mapulogalamu amene amatola mawu a mu CV n'kuwaika m'mafomu awo munthu asanaione. Pulogalamu yotere imatha kusokonezeka ikakumana ndi pepala logawidwa pawiri chotsika: imawerenga mzere wa kumanzere n'kulumikiza ndi wa kumanja, dzina la sukulu n'kuphatikana ndi nambala ya foni. Mawu amene ali mkati mwa chithunzi siiwaona n'komwe. Mungathe kudziyesera nokha. Tsegulani PDF yanu, sankhani mawu onse, akopereni, muwamate mu uthenga wa WhatsApp wopita kwa inu nomwe. Ngati atuluka m'ndondomeko yomveka kuchokera pa dzina mpaka pa mareferi, zili bwino. Ngati asokonekera, dziwani kuti kwinakwake adzasokonekeranso chimodzimodzi. N'chifukwa chake ine ndimalimbikitsa pepala loyenda njira imodzi, kuchokera pamwamba kutsika pansi, popanda kuligawa.

Musanasankhe font, kutanthauza maonekedwe a zilembo, yang'anani kukula kwa pepala. Kuno timagwiritsa ntchito A4, amene ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Ku America amagwiritsa ntchito pepala lotchedwa Letter, lomwe ndi lotambalala pang'ono koma lalifupi, pafupifupi 216 ndi 279. Ma template ambiri a pa intaneti, ma CV okonzeratu aja ongolowetsamo mawu anu, anakonzedwera pepala la Letter, ndipo makompyuta ena amabwera atatcheredwa choncho. Mukapulinta pa A4, makina amafinya zonse kuti zikwane kapena amadula m'mbali. Mu Word pitani pa Layout, kenako Size, musankhe A4. M'mphepete mwa pepala Word imasiya mpata wa masentimita 2.54 mbali zonse. Mutha kuchepetsa kufika pa 2, koma musapitirire pamenepo, chifukwa pepalalo adzalibowola kuti alilowetse m'faelo, adzalisitepula pakona, ndipo fotokope ikapendekeka pang'ono imadya mawu a m'mphepete.

Tsopano za font, pamene mwafunsa kwambiri.

Zilembo za pa kompyuta zili m'magulu awiri akuluakulu. Pali zokhala ndi timapazi ting'onoting'ono kumapeto kwa chilembo chilichonse, monga Times New Roman ndi Georgia. Pali zopanda timapazito, zosalala, monga Arial ndi Calibri. Anthu amakangana kuti zowerengeka bwino ndi ziti, koma pa pepala la tsamba limodzi magulu onse awiri amagwira ntchito. Chofunika ndi mmene font imeneyo imapiririra ikachepetsedwa, ikapulintidwa ndi inki yochepa, kapena ikatsegulidwa pa kompyuta ya munthu wina.

Times New Roman ya amalume si yolakwika, ndipo musalole wina akunamizeni kuti ndi yachikale moti n'kukulepheretsani ntchito. Inapangidwira nyuzipepala ya The Times ya ku London ndipo inayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1932. Poti inali ya nyuzipepala, zilembo zake n'zopanikizana kuti mawu ambiri akwane pa malo ochepa, ndipo mbali zina za chilembo n'zopyapyala kwambiri. Pa saizi 12 imaoneka bwino. Mukaitsitsa kufika pa 10 pofuna kuti zonse zikwane, mbali zopyapyalazo n'zimene zimayamba kuduka pa fotokope. Amalume amaikonda pa chifukwa chomveka: kwa zaka zambiri munthu ukatsegula Word inkayamba ndi imeneyi, ndiye makalata onse a mu ofesi za nthawi yawo ankaoneka choncho. Kuyambira pa Office 2007, Microsoft inaika Calibri m'malo mwake, ndipo mu 2023 inalengeza ina yatsopano yotchedwa Aptos. Aptos imeneyi musamale nayo. Ngati kompyuta ya ku koleji ili ndi Word yatsopano, mutha kulemba CV yonse mu Aptos osadziwa. Mukaitumiza ngati faelo ya Word kwa munthu amene kompyuta yake ndi yakale, kompyutayo siipeza font imeneyo ndipo imaika ina yake. Zilembo zikasintha kukula, mizere imasuntha, ndipo CV yanu ya tsamba limodzi imakafika ili ndi mizere itatu yolendewera pa tsamba lachiwiri.

Mukandifunsa ine, ndingakusankhireni Calibri pa saizi 11, kapena Arial pa 10.5. Arial inapangidwa mu 1982 ndi kampani ya Monotype ndipo imapezeka pafupifupi pa kompyuta iliyonse. Zilembo zake n'zotambalala, mwakuti 10.5 yake imaoneka yaikulu kuposa 11 ya Times New Roman. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka: nambala ya saizi siikuuzani mmene chilembo chidzaonekere, font iliyonse ili ndi thupi lake. Pulintani muone ndi maso. Georgia ndimaikonda pa nkhani zazitali, koma pa CV ndimaipewa chifukwa manambala ake sakhala pa mzere umodzi, ena amatsika pansi ena amakwera, ndipo CV ndi pepala lodzaza manambala: zaka, magiredi, mafoni. Font zooneka ngati zolemba pamanja, ndi zija zowonda kwambiri zolembedwa Light kapena Thin, zisiyireni makadi a ukwati ndi chinkhoswe. Dzina lanu pa CV ya buluuyo lalembedwa ndi font yopiringizika yotere, ndipo ndinachita kuyang'ana pa imelo yanu kuti nditsimikize chilembo choyamba.

Font ikhale imodzi pepala lonse. Ena amaphatikiza ziwiri, ina ya mitu ina ya mawu, ndipo zimatheka, koma pamafunika diso lozolowera. Imodzi siingakusocheretseni.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa kamalepheretsa anthu kuitanidwa. Mu Arial, I wamkulu ndi l wamng'ono amaoneka pafupifupi chimodzimodzi, ndodo yoongoka basi. Mu Times New Roman, l wamng'ono amafanana ndi nambala 1. M'mawu wamba palibe vuto, ubongo umadziwa wokha. Koma pa adiresi ya imelo palibe chothandiza, munthu akukopera chilembo chimodzichimodzi kuchokera pa pepala. Imelo yanu ili ndi l, ili ndi 1 pafupi pomwepo, komanso ili ndi kamzere kapansi pakati pa maina anu awiri. Word ikaona imelo imaisandutsa ya buluu n'kuidula mzere pansi, ndipo mzere umenewo umabisa kamzere kanu kaja. Dinani kumanja pa imeloyo musankhe Remove Hyperlink kuti ikhale mawu wamba akuda. Lembani yonse m'zilembo zing'onozing'ono. Ngati n'kotheka tsegulani imelo ina yongofunsira ntchito, ya dzina lanu loyamba, dontho, dzina la bambo, popanda manambala osokoneza. Nambala ya foni muigawe m'timagulu ta manambala atatuatatu kuti diso lisasochere, ndipo ngati mukutumiza ku bungwe la kunja yambani ndi +265. Muike nambala imene imakhala yotsegula, osati ya layini imene mumangoilowetsa mukafuna bandulo.

Amene maina awo ali ndi chilembo cha ŵ, chija cha kadenga pamwamba, ayang'anenso ngati font yawo ili nacho. Font zodziwikazi zili nacho, koma zokongoletsa zambiri zilibe, ndipo pamalopo pamatuluka kabokosi kapena chilembo cha maonekedwe ena. Mu Word pa kompyuta mumalemba 0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi, chimabwera. Koma lamulo lalikulu pa dzina ndi lakuti lilembedwe ndendende mmene lilili pa satifiketi yanu ya MANEB ndi pa chitupa cha unzika. Ngati kumeneko mulibe kadenga, pa CV musakaikenso.

Masaizi akhale atatu okha. Dzina lanu likhale lalikulu kuposa zonse, 18 kapena 20. Mitu ya magawo, monga maphunziro ndi luso, ikhale 12 kapena 13 m'zilembo zonenepa za bold. Mawu ena onse 10.5 kapena 11. Pa CV ya amalume mitu ili m'zilembo zikuluzikulu, yonenepa, yodulidwa mzere pansi, ina yopendekekanso. Njira imodzi yosiyanitsira mutu ndi yokwanira. Zonse zikakuwa pamodzi, diso silidziwa pofikira. Zilembo zikuluzikulu zokhazokha zimawerengeka pang'onopang'ono chifukwa mawu onse amaoneka ofanana msinkhu, ndiye ngati muzifuna zikhale pa mitu yaifupi basi, osati pa ziganizo.

Mawu ayambire kumanzere, kumanja muwasiye athere pamene athera. Batani lija la Justify limawongola mbali zonse ziwiri pokoka mipata ya pakati pa mawu, ndipo pa mizere yaifupi ya CV limasiya maenje oyera pakati pa chiganizo. Mpata wa pakati pa mizere ukhale 1.0 kapena 1.15. Pamwamba pa mutu uliwonse pakhale mpata waukulu kuposa pansi pake, kuti mutuwo uoneke kuti ndi wa zimene zikubwera m'munsi mwake. Mpata umenewu muziuika kudzera pa Paragraph, pa Spacing Before, osati pomenya Enter kangapo. Chimodzimodzinso zaka: musazikankhire kumanja ndi batani la mpata, chifukwa font ikangosintha pang'ono zonse zimabalalika. Gwiritsani ntchito tab yoima kumanja, zaka zonse zifole pa mzere umodzi woongoka. Wowerenga amatsitsa diso pa mzere umenewo n'kudziwa mbiri yanu asanawerenge chiganizo chilichonse. Ndipo kalembedwe ka zaka kakhale kamodzi. Ngati mwayamba ndi mwezi ndi chaka, zonse zikhale mwezi ndi chaka.

Nanga mtundu? Ngati mtima ukufuna ndithu, ikani mtundu umodzi woderapo kwambiri, monga buluu wakuda, pa dzina ndi pa mitu yokha. Ukapulintidwa wopanda mitundu udzangooneka wakuda, palibe chotayika. Mawu enawo akhale akuda pa pepala loyera.

Tifike pa nkhawa yanu yeniyeni, yakuti pepala likuoneka lopanda kanthu. Ndikuganiza kuti apa m'pamene ma CV awiri onse aja anachokera. Mnzanu anadzaza pepala ndi mitundu, amalume analidzaza ndi masamba, onse pofuna kubisa kuti ndinu wongoyamba kumene. Koma amene akulemba ntchito wophunzira akudziwa kale kuti ndinu wophunzira, sakuyembekezera zaka khumi za ntchito. Ndipo achemwali, ndawerenga imelo yanu mofatsa, inu simuli opanda kanthu. Munanditchulira mongodutsa kuti munachita attachment ya miyezi itatu mu ofesi ina pa Boma, kuti ndinu amene mumalemba m'kaundula ndalama za bizinesi ya usipa ya mayi anu, komanso kuti ndinu mlembi wa banki m'khonde ya kwanuko. Pa ma CV onse awiri, attachment yatchulidwa ndi mzere umodzi, zinazo palibe n'komwe. Wogulitsa nsomba pa msika saika chambo pansi pa dengu n'kuyala masamba pamwamba, amachiika patsogolo pomwe wodutsa aliyense achione. Munthu amene anasungapo kaundula wa ndalama za gulu, anthu n'kumagawana pa mapeto a chaka popanda mkangano, ndi amene ofesi ikumufuna pa ukalaliki. Lembani zimenezo, ndipo mulembe zogwirika: gululo lili ndi anthu angati, mumalemba chiyani, kangati pa mwezi, ndipo pa attachment paja munkachita chiyani tsiku ndi tsiku. Mizere iwiri kapena itatu pa chilichonse, uliwonse uyambe ndi ntchito imene manja anu anagwira. Manambala ake akhale oona, chifukwa pa intavyu adzakufunsani.

Zilankhulo zanu zisabisike pansi. Mumayankhula Chichewa, Chiyao ndi Chingerezi. Bungwe limene likugwira ntchito m'midzi ya ku Namwera, Katuli kapena Makanjira likufuna munthu woti akafika kumeneko amvane ndi anthu popanda womasulira, ndipo ambiri ofunsira kuchokera ku Lilongwe kapena Blantyre alibe mwayi umenewu. Loji ya ku Monkey Bay kapena Cape Maclear ikufuna munthu woti ayankhule ndi mlendo m'Chingerezi, atembenuke ayankhule ndi msodzi wobweretsa nsomba m'chilankhulo chake. Chimenechi chioneke m'chigawo chapamwamba cha pepala.

Timizere tosonyeza mlingo wa luso tija chotsani. Kamzere kakuti Excel mumaidziwa pa 80 peresenti sikanena kanthu, chifukwa palibe amene akudziwa kuti 100 yake ndi iti, ndiponso mwadziyeza nokha. Lembani m'mawu zimene mumatha: kupanga tebulo la ndalama zolowa ndi zotuluka, kuwerengetsa pogwiritsa ntchito mafomula, kutaipa makalata mu Word. Wowerenga akatero amaona ntchito imene angakupatseni Lolemba m'mawa.

Ndondomeko yake ikhale yotere. Pamwamba penipeni dzina lanu. Mutu wakuti CURRICULUM VITAE suchita kufunika, aliyense akuona kuti ndi CV, ndipo malo amenewo ndi apamwamba kuposa onse pa pepala, apatseni dzina lanu. Pansi pake mzere umodzi wa foni, imelo ndi kumene mukukhala. Kenako ziganizo ziwiri kapena zitatu zonena kuti ndinu ndani ndipo mukubweretsa chiyani, momwemo mutchule zilankhulo zija. Mawu ongodzitamandira akuti ndinu wolimbikira ntchito, wokhulupirika, wotha kugwira ntchito popanda woyang'anira, aliyense amalemba omwewo, ndiye sakusiyanitsani ndi wina. Poti ndinu wophunzira, maphunziro abwere patsogolo pa ntchito, kuyambira atsopano kubwerera m'mbuyo: dipuloma, mwezi umene mukuyembekezera kumaliza, kenako MSCE ndi chaka chake. Ngati munakhoza bwino Masamu ndi Chingerezi, tchulani magiredi ake, chifukwa ntchito ziwirizi zimadalira maphunziro amenewa. Sukulu ya pulaimale isiyeni. Pambuyo pake zimene munagwirapo, luso, ndipo pomaliza mareferi. Zotsatsa ntchito zambiri kuno zimapempha mareferi atatu opezeka mosavuta, ndiye aikeni, aliyense dzina, udindo, malo a ntchito ndi foni. Muyambe mwawapempha, ndipo muwauze ntchito imene mukufunsira kuti foni ikalira asadabwe.

Zonsezi zikwana tsamba limodzi, ndipo pakatsala malo oyera pansi musachite mantha. Malo oyera ndi amene amalola diso kupuma, komanso a pa intavyu amalembapo ndemanga zawo. Mukadzagwira ntchito zaka zingapo mudzafika pa masamba awiri mwa inu nokha.

Za mudzi, mfumu yaikulu, chipembedzo ndi zakuti muli pa banja kapena ayi, apa ndisiyana nawo amalume mwaulemu. Lamulo la za ntchito la dziko lino, Employment Act la chaka cha 2000, limaletsa kusala wofunsira ntchito chifukwa cha zinthu monga chipembedzo, mtundu, chilankhulo, kukhala mwamuna kapena mkazi, ndi za banja. Ngati lamulo likuti zimenezi zisakhale muyeso, inu musaziike nokha pa sikelo. Kuno kwathu Asilamu ndi Akhristu timagula msika umodzi, timakwera basi imodzi, ndipo anthu ambiri olemba ntchito ndi achilungamo, koma simudziwa kuti pepala lanu lidzagwera m'manja mwa yani. Ngati chotsatsa ntchito kapena fomu ya boma yapempha boma lochokera ndi mfumu yaikulu, lembani, chifukwa chotsatsacho chimaposa malangizo anga onse. Ngati sanapemphe, musaike. Nambala ya chitupa cha unzika ndiye musaiike konse. CV imadutsa m'manja ambiri, imatsala m'makompyuta a mashopu opulintira, ndipo tonse tinagulapo mandasi atakulungidwa m'pepala lochokera mu ofesi. Chithunzi nachonso musaike ngati sanapemphe. Maloji ena amapempha chifukwa ntchito ya pa risepishoni ndi yoonekera kwa alendo. Akapempha, ikani cha pasipoti chenicheni pachokha, chojambulidwa bwino, osati chodulidwa kuchokera pa chithunzi cha ku ukwati. Chopulintidwa pa CV chikadutsa pa fotokope nkhope imangosanduka mdima.

Potumiza pa imelo, tumizani PDF. PDF imanyamula font zake mkati, ndiye imaoneka chimodzimodzi pa foni, pa laputopu ndi pa pepala. Mu Word mumasankha Save As n'kusankha PDF. Ngati mulibe kompyuta ndipo mukulemba pa foni, Google Docs ndi WPS Office zonse zimatha kusunga ngati PDF. Musajambule pepala la CV ndi kamera n'kutumiza chithunzicho, chifukwa mawu a m'chithunzi sakopereka, sasakika, ndipo faelo imalemera pachabe. Akanena okha kuti akufuna ya Word, apo ndiye gwiritsani ntchito Arial kapena Times New Roman, zimene kompyuta yawo ili nazo ndithu. Faeloyo muitche dzina lanu ndi mawu akuti CV. Yanu ya buluuyo inafika kwa ine ndi dzina la template imene inachokera, ndipo m'bokosi la imelo momwe muli mafaelo ambirimbiri, yotereyo siipezeka ikafunidwa. Dzitumizireninso nokha pa imelo faelo ya Word ndi ya PDF, chifukwa ma flash amene timalowetsa m'makompyuta a mashopu amatenga mavairasi kawirikawiri.

Popeza ntchito zanu ndi ziwiri, mukhale ndi ma CV awiri a maonekedwe ofanana koma osiyana pang'ono m'kati. Ya ku loji iyambe ndi zilankhulo ndi kulandira anthu, ya ku bungwe iyambe ndi kaundula wa ndalama ndi kompyuta. Kusintha kumeneku ndi kwa mizere yochepa chabe.

Mnzanuyo musamukhumudwitse, ali ndi diso, ndipo Canva ndi chida chabwino pa maposita ndi zotsatsa malonda. Akanakhala kuti iye akufunsira ntchito yojambula ndi kukonza zotsatsa, ndikanamuyankha mosiyana, chifukwa kumeneko maonekedwe a pepala ndi mbali ya mayeso. Amalume nawo musawadutse. Mukamaliza kukonza, apatseni awerenge ndi cholembera m'manja. Anthu amene anakhala m'maofesi a boma nthawi imene kalata yolakwika inkabwezedwa kuti ukailembenso amaona chilembo chosowa pamene ife tadutsapo osachiona. Afotokozereni chifukwa chimene mwachotsera zina, ndipo muwapemphe akuthandizeni kalata yoperekeza CV, pamenepo ndiye akudziwa kwambiri.

Musanatumize, pulintani imodzi ya zakuda ndi zoyera, muichite fotokope, kenako muchitenso fotokope ya fotokope imeneyo. Yachitatuyo mupatse munthu amene sakudziwani bwino, ayang'ane kanthawi kochepa, mumulande, mumufunse kuti munaphunzira chiyani ndipo mumatha chiyani. Mubwezereni akuwerengereni mokweza nambala ya foni ndi imelo, inu mukulemba zimene akunenazo. Pamene wakakamira kapena walakwitsa m'pamene pakufunika kukonza. Kalata yoperekeza ikhale ya font ndi saizi yomweyo kuti mapepala awiriwo azioneka kuti ndi a munthu mmodzi, ndipo muisaine ndi cholembera. Ya ku lojiyo muiike mu envulopu yaikulu ya A4 osaipinda, ndipo ngati mukwera nayo kabaza kapena minibasi ya ku Monkey Bay nyengo ya mvula, envulopuyo ilowe kaye m'pulasitiki.